Miyezi Imene Ndinkayendetsa Amayi

Supuni ija inali ya pulasitiki, yobiriwira, ya ana ongoyamba kudya phala. Inali yanga ndili khanda, ndipo amayi anaifukula pansi pa kabati mlungu umene anayamba kemo, mankhwala a khansa. Zachitsulo anazikana zonse. Ankati chakudya chikakhudza chitsulo chikumveka ngati wanyambita loko wa chitseko. Ndiye mayi wamkulu, wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ankakhala patebulo ndi kasupuni ka khanda, ine n'kumaseka. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pamsinkhu umenewo munthu amaseka zinthu zambiri zosaseketsa.

Matendawo anayamba ngati mwanabele pakhosi, wosapweteka koma wosaphwa. Madokotala anati ndi limfoma, khansa ya m'anabele. Tinkakhala awiriwiri m'fulati ina ku Thamesmead, pansanjika yachinayi. Bambo anali kwathu ku Zomba kudikira mapepala oti atitsatire kunja kuno, amene sankatuluka, ndipo tinkawaimbira Lamlungu lokha, ndi khadi lokanda lija limene linkatha nkhani isanathe. Wachibale yekha amene tinali naye pafupi anali malume, mng'ono wa amayi wamwamuna, amene ankabwera Loweruka lililonse kuchokera ku Tottenham, atatopa ndi sitima ndi mabasi, ali ndi majumbo m'manja monse.

Mankhwalawo ankawalandira kamodzi pa milungu itatu iliyonse, ndipo anayenera kulandira maulendo asanu ndi limodzi. Asanawapatse, ankawakweza pasikelo n'kuwatenga magazi. Thupi likapezeka lofooka, ankawabweza kuti akadikire. Kubwezedwa kumeneko amayi ankakuopa kuposa singano, chifukwa anamva kuti mankhwala akachedwa matenda amapezerapo mpata. Nesi wa kuchipatalako anawapatsa ntchito ziwiri zoti azichita kunyumba. Yoyamba, kudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ngakhale mtima usakufuna. Yachiwiri, kuyenda tsiku lililonse, ngakhale kamtunda kochepa, kuti miyendo isafote. Koma anawaletsa kuyenda okha, poti chizungulire chinkawagwira mosapereka chizindikiro.

Kudyako inali nkhondo. M'kamwa munatuluka zilonda, ndipo fungo la chakudya chotentha linkawathamangitsira kubafa. Tinaphunzira kudikira phala kuti lizizire, n'kuthiramo chiponde ndi mkaka waufa kuti kochepa kamene alowetseko kakhale ndi mphamvu. Mazira tinkawiritsa mpaka kuuma gwa. Nthochi, yogati wa m'sitolo, tiyi wa jinja, kachidutswa ka ndimu koyamwa nseru ikabwera. Mpunga wogona unaletsedwa, ndi chilichonse chimene sitinaone mmene chaphikidwira, chifukwa masiku ena magazi awo sakanatha kulimbana ngakhale ndi kachilombo kakang'ono ka m'chakudya.

Komatu kafotokozereni zimenezo amayi a kutchalitchi. Ankabwera ndi mabakuli a mpunga ndi nkhuku, ataphika dzulo lake pochokera kushifiti, atawanyamula m'mabasi awiri. Amayi anga ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza mpaka mlendo kuchita manyazi. Chitseko chikangotsekedwa, bakuli linkabwera kwa ine. M'nyumba ya wodwala khansa ija, munthu amene ananenepa nyengo imeneyo ndinali ine, moti siketi ya yunifolomu inasiya kutseka.

Malume za chakudya anazimvetsa, ngakhale anadandaula tsiku limene thobwa lawo lofulula okha linakanidwa. Zoyendazo ndiye ayi. Kwa iwo wodwala amagona, amafunda, anthu n'kumabwera kudzamuona.

“Achemwali, azunguwa akuphani ndi ma exercise awowa,” ankatero. “Munthu mukudwala cancer, ndiye muzikazungulira panja kozizira ngati mwataya chinthu?”

“Achimwene, ine ndagwira ntchito ku care home zaka zisanu,” amayi ankayankha. “Amene amagona tsiku lonse ndawaona mathero ake. Ndisiyeni ndiyende.”

Zinalidi zoona. Ntchito ya amayi ku Woolwich inali yosamalira okalamba, ndipo kuyendetsa munthu wofooka ankakudziwa ngati kupuma. Ndiwo anandiphunzitsa. Usamukoke munthu, ankatero, ungomupatsa mkono, iye agwire yekha. Uziyenda liwiro lake, osati lako. Akaima, usafunse, ingoima nawe. Ndinkamva zonsezi m'Chichewa n'kumayankha m'Chingerezi, monga ana ambiri a kuno, ndipo amayi analibe mphamvu zondikalipira.

Tinkatuluka ndikangofika kuchokera kusukulu, dzuwa lisanalowe, poti inali nyengo imene masamba amayoyoka ndipo kumada msanga. Lifiti inkanunkha mikodzo, amayi n'kumatseka mphuno ndi duku. Tikatsika tinkadutsa pakamlatho ka konkire, kutsata mphepete mwa dziwe limene linali ndi abakha ndi matayala akale, n'kutulukira kumsewu waukulu, pamene panali sitolo ya tchipisi ndi poimira basi. Pamenepo amayi ankakhala pabenchi kupumula, kenako n'kubwerera. Munthu wabwinobwino akanayenda mphindi khumi. Ife tinkatha pafupifupi ola.

Ndikukumbukabe kulemera kwa dzanja lawo pamkono wanga wa kumanzere. Linali lopepuka, lozizira, zikhadabo zitada. Tsitsi linali litathothoka lonse, nsidze zomwe. Ankavala duku, pamwamba pake chipewa chaubweya, chikhothi chachikulu cha malume, ndipo m'munsi mwake chitenje chinkatulukira. M'thumba munkakhala jumbo yosanzira. Ankayenda atawerama pang'ono, mapazi akukhwekhwereza. Masiku abwino ankaimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Masiku oipa ankangoti, “Tifike pa nyale iyo basi,” tikafika n'kunenanso za nyale yotsatira.

Sindinama, poyamba ndinkanyadira. Nesi anandiuza kuti ndine munthu wofunika pa chithandizo cha amayi, ndipo mawu amenewo ndinawasunga. Maulendo atatu a mankhwala anadutsa osabwezedwa ngakhale kamodzi. Sikelo inatsika pang'ono, koma osati moopsa.

Tsiku limene ndinalakwa linali Lachitatu. Titatulukira kumsewu waukulu, ndinaona atsikana atatu a m'kalasi mwanga ataima pasitolo ya tchipisi. Ndinali nditangoyamba sekondale, ndipo atsikana amenewa ndi amene ankasankha woti aziseka naye ndi woti azimuseka. Ine ndinali ndisanaikidwe mbali iliyonse. Ndisanaganize n'komwe, ndinasolola mkono wanga m'dzanja la amayi, n'kufulumira masitepe angapo patsogolo, manja m'thumba, ngati munthu amene akungodutsa.

Mmodzi anandiitana. Anayang'ana kumbuyo kwanga, pamene amayi anali atagwira mpanda wachitsulo wa m'mbali mwa msewu, n'kundifunsa m'Chingerezi ngati amenewo anali agogo anga.

Ndinati inde.

Ndinanena motsitsa mawu, ndipo basi inkadutsa. Amayi anali ndi duku ndi chipewa m'makutu. Ndinadziuza kuti sanamve. Atsikanawo anandigawira tchipisi, ndinadya, amayi atakhala pabenchi akuyang'ana magalimoto. Atsikanawo atachoka ndinabwerera n'kupereka mkono. Anaugwira monga mwa masiku onse. Panjira anangonena kuti abakha achepa.

Lero ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili tsiku limenelo, ndipo ndayesa kumukhululukira mwana uja. Nthawi zina zimatheka.

M'mawa mwake amayi anandiuza kuti asintha nthawi. Aziyenda m'mawa ine ndili kusukulu, chifukwa madzulo kwayamba kuzizira kwambiri, ndipo homuweki yanga yachuluka. Ndinawakumbutsa mawu a nesi, koma kukumbutsa kwake kwa munthu wofuna kukanidwa. Anati akumva bwino tsopano. Ndinasangalala, ndivomere. Kwa masiku asanu ndi limodzi ndinkafika kunyumba, kuvula nsapato, kuyatsa TV, mtima uli mbee.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri mphunzitsi anandiitana pakati pa phunziro la masamu. Anagwada pafupi ndi desiki yanga, zimene sankachita, n'kundiuza kuti malume akundidikira kuofesi. Amayi anali atagwa pamasitepe a kamlatho kaja. Chizungulire chinawapeza ali okha, ndipo anatemeka bondo ndi chikhatho. Mayi wina woyendetsa galu ndiye anawaitanira ambulansi. Kwa munthu wina likanakhala bala lomanga bandeji n'kubwerera kunyumba. Koma anali masiku amene magazi awo anali otsika kwambiri, balalo linatupa, thupi linatentha, ndipo anawagoneka masiku asanu ali pa diripi. Ulendo wachinayi wa mankhwala unabwezedwa milungu iwiri. Chimene ankachiopa chija chinachitika.

Ndinkapita kukawaona ndi malume. M'chipindamo munkanunkha mankhwala opukutira m'manja ndi supu amene amayi sanamukhudze. Masaya analowa. Malume anapirira tsiku loyamba, lachiwiri analephera.

“Ndinanena ine, achemwali. Ndinanena kuti zoyendayendazi zikupwetekani.” Kenako anatembenukira kwa ine. “Nanga iwe unali kuti? Si iwe unapatsidwa ntchito imeneyi?”

Ndinayang'ana pansi, kudikira kuti zonse zituluke.

“Mwanayo musiyeni,” amayi anatero, maso ali otseka. “Ndinamuletsa ndine. Ndimafuna ndiyese ndekha, liuma langa lomweli. Ndikatuluka muno ndiyendanso, achimwene, musavutike n'kundiletsa.”

Malume anapukusa mutu n'kuyamba kusenda nthochi imene inakanidwanso. Ine ndinapuma. Ndinaganiza kuti ndapulumuka chifukwa amayi sakudziwa kanthu.

Atabwerera kunyumba anali ofooka kuposa kale. Tinayambiranso pansi: masupuni atatu a phala, kupuma, masupuni ena awiri. Kuyenda kunayambira m'khonde la pansanjika yathu, kuchokera pachitseko kukafika palifiti. Mlungu wotsatira tinafika padziwe. Sikelo inakwera pang'ono, magazi anabwerera, mankhwala anapitirira. Ndinkapereka mkono tsiku lililonse osadikira kuitanidwa, ndipo mantha amene ndinali nawo ndinkawatcha chikondi. Mwina zinali zonse ziwiri.

Kenako tinafikanso kumsewu waukulu. Nthawi imeneyo kunali kutazizira kwenikweni, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Titatsala pang'ono kukhota pakona yotulukira kusitolo ya tchipisi, amayi anaima. Anachotsa dzanja lawo pamkono wanga, okha.

“Tsogola,” anatero. “Apapa ndikufuna ndiziyesa ndekha. Ukandidikire pa bus stop.”

Ndinakana, poti ndinkaopa kuti agwanso. Anandionetsa mpanda wachitsulo uja, kuti agwira umenewo, ndipo sukuthera panjira. Ndinatsogola, ndikucheuka kawirikawiri. Anabwera pang'onopang'ono, dzanja likutsetsereka pachitsulo chozizira, mpaka pabenchi. Pobwerera anachitanso chimodzimodzi, ndipo titangokhota pakona anagwiranso mkono wanga, mwamphamvu, akupuma mofulumira.

Zinakhala choncho tsiku lililonse mpaka mankhwala anatha. Kaya pasitolopo pali ana a sukulu kaya palibe, kaya ndi tsiku labwino kaya ndi limene asanza kawiri, tikafika pakona paja dzanja linkachoka. Matendawo anagonja chaka chotsatira, tsitsi linamera, ndipo amayi alipo mpaka lero, akukanganabe ndi malume pa foni. Za Lachitatu lija sanazitchulepo, ngakhale kamodzi.

Pa ulendo womaliza wa kuchipatala ndinapita nawo. Nesi anafunsa mmene kuyenda kukuyendera, ine n'kulumphira kuyankha amayi asanatsegule pakamwa. Ndinamuuza monyada kuti amayi alimba kwambiri, moti pali chigawo china cha msewu chimene amayenda okha osandigwira. Nesi anaomba m'manja, n'kulemba m'faelo. Amayi anamwetulira, akuyang'ana pawindo.

Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti pakona paja ankalimbitsa miyendo yawo. Sindinadzifunse chifukwa chake, pa njira yonse ija, anasankha malo okhawo amene anzanga akanatha kundiona nditagwirana nawo.