Chitini Chachiwiri

Pasukulu pathu aliyense amawatcha Mayi Makiyi, chifukwa cha mulu wa makiyi umene amamangirira m'chiuno ndi chingwe cha nsapato. Umawamva asanafike. Akhala akusesa ndi kukolopa makalasi athu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo pa zaka zimenezo ine ndaphunzitsa kalasi yachisanu zaka khumi ndi ziwiri. Nthawi yonseyo sindinadziwe kuti mayiwa sadziwa kuwerenga. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zimandichititsa manyazi, ine amene ndimadzitama kuti mwana wosatha kuwerenga ndimamugwira sabata yoyamba.

Ankabisa mwaluso. M'thumba la epuloni ankasungamo kachikwama ka magalasi, koma magalasiwo palibe anawaonapo. Ukawapatsa pepala ankasisita thumbalo, n'kudandaula kuti awaiwalanso patebulo kunyumba, ndiye uwawerengere. M'buku losaina pofika pantchito ankalembamo kamzere kopindikapindika, kofanana tsiku ndi tsiku, kooneka bwino kuposa ka ahedi. Makiyi makumi awiri ndi atatu ankawadziwa ndi mano ake, ndipo mabotolo a mankhwala okolopera ankawasiyanitsa ndi fungo.

Anabadwa oyamba m'banja la ana asanu ndi awiri. Kusukulu anapitako teremu imodzi yokha, mayi awo atadwala n'kuwatulutsa kuti azibereka ang'ono awo. Ang'ono onsewo anaphunzira, wina mpaka ndi namwino, ndipo mukawamva Mayi Makiyi akusimba za namwinoyo mungaganize kuti mayeso analemba ndi iwo. Anakwatiwa ndi dalaivala wa lole amene ankawawerengera chilichonse osauza munthu, mpaka anamwalira. Tsopano amakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika ndi mdzukulu wawo wamkazi, amene mayi ake amagwira ntchito kutali. Madzulo alionse mwanayo ankabweretsa kope lake, agogo n'kulitsegula, kuyang'ana tsamba ndi tsamba nkhope ili gwa, kenako n'kulozapo kuti apa walemba mothamanga, ubwereze. Ankaweruza poona ukhondo wa tsamba basi. Akanalola kuti tauni yonse idziwe chinsinsi chawo, bola mwana ameneyu asadziwe.

Chaka chimenecho mdzukuluyo anali m'kalasi yachinayi, yogundana khoma ndi yanga. Kalasiyo anaipereka kwa mtsikana wa ku koleji amene anabwera kudzayeserera uphunzitsi, ndipo ana ankamutcha Madamu Aang'ono. Anali ndi mphamvu zoti wongoonererawe n'kutopa. Ife akalefe timaphunzitsa masamu pa nthawi ya masamu, belu likalira n'kutseka buku. Iye anati maphunziro onse a mwezi umenewo ayendere pa chinthu chimodzi, nyemba. Ndinamuyankha kuti tiona, ndipo ndikuvomera kuti sindinanene ndi mtima wabwino.

Anadzala nyemba m'zitini zitatu za mkaka zoboola pansi. Zitamera n'kutulutsa masamba awiriawiri, anazisiyanitsa. Chitini choyamba chinakhala pazenera n'kumathiriridwa. Chachiwiri chinakhalanso pazenera pomwepo, koma osalawa madzi. Chachitatu chinkathiriridwa koma chinatsekeredwa m'kabati ya mabuku, mumdima. Popeza mdzukulu wa Mayi Makiyi ndiye anali ndi dzanja labwino m'kalasi monse, anamusankha kuti alembe timapepala tomata pazitinipo. Pachachiwiri analembapo ndi zilembo zazikulu kuti MUSATHIRIRE, ndipo pachitseko cha kabati kuti MUSATULUTSE.

Kuchokera tsiku limenelo, kuseri kwa khoma langa kunali nyemba zokhazokha. M'mawa uliwonse ana atatu ankayeza mitengo yake ndi rula, ena onse n'kulemba masentimita m'makope. Kuchotsera anaphunzirira pomwepo: kutalika kwa lero kuchotsapo kwa dzulo. Pakhoma panali pepala lalikulu la mizere itatu, wofiira, wobiriwira ndi wakuda, ndipo mzere uliwonse unkakwera monga nyemba yake yakulira. Pa nthawi yolemba, mwana aliyense ankalemba ziganizo zitatu za zimene waona, m'Chingerezi n'kuphunzira mayina a muzu, tsinde ndi tsamba. Anajambula masamba mpaka choko chobiriwira chinatha sukulu yonse. Anapekanso kanyimbo ka nyemba zitatu pachibale, wina womwa, wina waludzu, wina wogona mumdima, kamene kanandikhala m'mutu milungu iwiri ndisakukafuna. Ngakhale ana aja amene amabwera kusukulu kudzangotenthetsa benchi ankafika msanga kuti rula aigwire ndi iwo. Apo ndinayamba kumeza mawu anga.

Mayi Makiyi amalowa m'makalasi ana akaweruka. Tsiku lachitatu anapeza dothi la chitini chachiwiri litauma gwa, masamba atayamba kuwerama. Munthu amene pakhomo pake pali zitini za maluwa zoposa makumi atatu sakanapirira zimenezo. Anang'ung'udza kuti ana a masiku ano alibe chisoni, wina akumwa mnzake ali pambali pomwepo. Anatunga madzi m'ndowa asanathiremo sopo, n'kuthira pang'onopang'ono m'mbali mwa chitini. Potsegula kabati kuti apukute fumbi, anapezamo nyemba inanso, yoyezuka ngati wodwala. Anaitulutsa n'kuiika pazenera kuti iwothere dzuwa la masana. M'mawa mwake, potsegula zitseko, anaibwezera pamalo pake, chifukwa lamulo lawo la zaka zonse ndi lakuti chinthu cha mphunzitsi uchisiye pamene unachipeza. Ankatero masiku onse, ndipo Loweruka ndi Lamlungu inkatandala pazenera tsiku lonse. Timapepala tija anationa, n'kuzindikira dzanja la mdzukulu wawo, ndipo ananyadira kuti zilembo zake zaima mowongoka. Safunsa anadya phula, n'zoona, koma iwo akanafunsa ndani osadziulula?

Pofika sabata yachitatu, pepala la pakhoma linali kunena zodabwitsa. Pazenerapo pamatentha, ndiye pofika m'mawa dothi la pamwamba linkakhala litauma, osaonetsa kanthu. Nyemba yaludzu ija inali itaposa zinzake ndi masentimita anayi, ndipo ya mumdima inali yobiriwira bwinobwino. Ana analemba zimene anaona, monga anaphunzitsidwira. Makope makumi asanu ndi limodzi ananena kuti nyemba sifuna madzi, ndipo dzuwa n'longokometsera. Bambo wina amene amalima masamba ogulitsa anabwera ndi kope la mwana wake m'manja, n'kufunsa ahedi mwaulemu ngati angasiye kudzuka m'mamawa kukathirira, popeza sukulu yatulukira njira yatsopano.

Ife tinaseka m'chipinda cha aphunzitsi, koma Madamu Aang'ono sanaseke. Lachinayi la sabata imeneyo kunkabwera mlangizi wa ku koleji kudzamuona akuphunzitsa, ndipo phunziro lake lonse linali pa zitini zimenezi. Ndinamupeza Lolemba atakhala pampando wa mwana, akukanda dothi ndi pensulo. Pansi pake linali lonyowa.

Lachiwiri m'mawa ahedi, atamva za dothi lonyowalo, analowa m'kalasimo. Ahedi athu si munthu woipa, koma akakwiya amafuna wolakwa apezeke belu lisanalire. Ndinasiyira ana anga ntchito n'kukaima pakhomo. Anaimiritsa kalasi yonse n'kufunsa amene wakhala akuthirira chitini chachiwiri. Kenako mwana wina anati amene amafika ena onse asanafike ndi uyu, amabwera ndi agogo ake zitseko zisanatsegulidwe. Maso onse anatembenukira kwa mdzukulu wa Mayi Makiyi. Ahedi anamufunsa katatu. Mwanayo sanavomere ndipo sanakane, anangoyang'ana nsapato zake. Ahedi anati kukhala chete n'kuvomera, ndipo popeza wasokoneza ntchito ya anzake n'kuwonjezapo mwano, akaime kutsogolo kwa sukulu yonse pa mzere wa mawa.

Makiyi analira kumbuyo kwanga. Mayi Makiyi anali akukolopa khonde, ndipo anali atamva zonse. Anatsamiritsa chikolopa kukhoma, kupukuta manja paepuloni, n'kundidutsa.

"Bwana, mwanayo musiyeni. Ndimathirira ndine. Ya m'kabatiyo ndimaitulutsanso ndine."

Ahedi anadabwa, mkwiyo wawo n'kusowa kolowera. Analoza kapepala kaja. "Koma mayi, simunaone zimene zalembedwa apa?"

Ndinaona dzanja lawo likupita kuthumba la epuloni, kukachikwama kaja. Njira inalipo, ndipo tonse tikanaivomera monga tinkachitira zaka zonse. Koma anali atavomera kale kuti akhala akuchita zimenezi ndi iwo, ndipo palibe amaiwala magalasi milungu itatu. Mwinanso anangotopa nalo bodzalo. Dzanja linaima panjira n'kubwerera.

"Ndinaziona, bwana. Sindidziwa kuwerenga."

Ana makumi asanu ndi limodzi anakhala duu, chinthu chimene ine sindinachikwanitsepo m'kalasi yanga. Mmodzi kumbuyo anayamba kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Ahedi anatsokomola, n'kunena kuti nkhani yatha, aliyense akhale pansi. Mayi Makiyi sanayang'ane mdzukulu wawo. Anatuluka, kutenga chikolopa, n'kupitiriza pamene analekera. Ine ndinabwerera m'kalasi yanga mtima ukundiwawa, ndikukumbukira mapepala onse amene ndinawawerengera ndikuwaseka kuti adzaiwala ndi mutu womwe.

Za Lachinayi sindichulutsa. Madamu Aang'ono sanabise kanthu. Anaika zitini zitatu patebulo mlangizi ali pomwepo, n'kufunsa ana chifukwa chimene manambala olondola anaperekera yankho labodza. Anawo anakangana mpaka belu, ndipo anagwirizana kuti poyesa chinthu uyenera kudziwa manja onse amene akuchikhudza. Mlangizi analemba masamba awiri n'kuchoka akumwetulira. Sabata yotsatira anadzala nyemba zatsopano.

Zimene zinachitika kunyumba Lachiwiri lija anandiuza okha Mayi Makiyi, titakhala pamasitepe ana ataweruka. Akuti anazengereza dala kumsika, kuopa kukafika. Atafika anapeza mwana atakhala pakhomo, kope lili pamiyendo monga mwa masiku onse. Anamuuza kuti alichotse, masewera aja atha. Kenako anamufunsa chimene anakhalira chete pamaso pa ahedi, pamene ankadziwa kuti wothirira si iye.

"Ndinkadziwa kuti ndinu, agogo," anatero mwanayo. "Ndikanakana, akanakufunsani za kapepalako."

Anamufunsa kuti wadziwa liti. Iye anati kuyambira ali m'kalasi yachiwiri, tsiku limene analemba dala mzere womwewo tsamba lonse, agogo n'kumuyamikira kuti nkhani yake ndi yabwino. Zaka ziwiri mwana ankabweretsa kope madzulo alionse, kumabwereza masamba opanda cholakwa, kuti agogo ake asadziwe kuti iye akudziwa. Pondiuza zimenezi Mayi Makiyi sanalire. Anati amaganiza kuti akulera mwana, osadziwa kuti mwanayo akuwaleranso iwo, kenako n'kudzuka kuti akatseke mazenera. Amene ndinalira ndine, ndipo ndinanamizira fumbi la choko.

Pachitini chachiwiri chatsopano Madamu Aang'ono, mwa ubwino wake, anajambulapo kapu yothira madzi n'kuidula ndi mzere wofiira. Mayi Makiyi anamupempha kuti achotse chithunzicho, abwezeretse kapepala ka mdzukulu wawo. Sanapite kusukulu ya akuluakulu, ngakhale tonse tinawakakamiza. Anati sakufuna kukakhala pabenchi, mphunzitsi ali naye kale kunyumba, ndipo ndi wovuta kuposa ahedi. Kachikwama ka magalasi akadali nako, koma tsopano amasungamo pensulo.

Patapita masiku khumi ndinaiwala ambulera kusukulu, ndipo nditabwerera ndinawapeza m'kalasi yachinayi, ndowa ili m'manja. Nyemba ya m'chitini chachiwiri inali itagona pamlomo wa chitini, masamba atapiringizika, yotsala pang'ono kufa. Iwo anali atawerama, chala chikuyenda pakapepala, milomo ikutchula chilembo chimodzichimodzi. Anafika kumapeto, n'kuyambiranso. Atandiona anaweramuka.

"Ndawerenga, madamu," anatero. "Akuti musathirire. Koma ndi nkhanza."

Anaima pang'ono akuyang'ana nyembayo. Kenako ananyamula ndowa yawo, madzi ali momwemo, n'kutuluka, ndipo anakhoma chitseko.