Wotchi Yoima ya a Mawaya

Anthu a mumsewu uno amangowatchula a Mawaya, bambo wa imvi amene amajambula mawu m'kachipinda kuseri kwa telala. Ukalowa, moni amabwera pambuyo. Amayamba atsegula maikolofoni, kuona batire, kenako n'kulumikiza waya kukabokosi kokweza mawu. Batani lotumiza magetsi kumaikolofoni amalizimitsa kaye.

"Iyi ili ndi chakudya chake m'mimba," amatero. "Ukaiwonjezera china, idwala."

Chodabwitsa n'chakuti munthu wosamala mabatire chotere, wotchi yake yapakhoma siyenda. Makasitomala amawaseka nayo.

Tsiku lina mayi wina anabwera ndi bambo ake odwala, kuti adzukulu adzamveko mawu a agogo awo. Mkuluyo atangoyamba kufotokoza mmene anakumanirana ndi malemu akazi awo, mawu anazilala m'makutu mwa a Mawaya. Batire linali litatha, lina panalibe.

"Ndithamangire kugolosale?" anafunsa mayiyo.

A Mawaya anaona mmene mkuluyo ankapumira movutikira, n'kudziwa kuti akasiya apa, sadzayambiranso. Anakwera pampando, n'kuchotsa batire la muwotchi, n'kuliika m'maikolofoni.

"Pitirizani, bambo. Nthawi tayiimitsa."

Mkuluyo analankhula mpaka anaseka, misozi ili m'maso. Patatha milungu iwiri anamwalira.

Mabatire alipo tsopano, odzaza kabati, koma wotchi ija ikadali chiimire. Wina akafunsa ngati inafa, a Mawaya sadzutsa n'komwe mutu pamawaya awo.

"Sinafe. Ntchito yake inaigwira kale."