Mota imene abambo anakana kukwera

Achimwene anga akulu akafuna kugula chinthu amayamba aganiza kaye kuti anthu akachiona adzati chiyani. Za ntchito ya chinthucho amaganiza pambuyo, kapena osaganiza n'komwe. Ndimawakonda, ndi magazi anga, koma za mota ija sindinawakhululukire bwinobwino mpaka lero.

Nkhondo itatha tinabwerako ku Zambia, ine, abambo ndi ana anga awiri, koma kumudzi kwathu kwenikweni sitinafikeko. Tinamanga ku Mualadzi, pafupi ndi msewu, poti kwathuko kunali kutamera tchire ndipo njira zina anthu ankaopa kupondamo. Amayi anatsala kumeneko. Anamwalira masiku omwe aja tinkathawa, tinawaika mothamanga pansi pa msuku, osameta, osaphika mowa. Abambo anabwerako miyendo itatupa, moti ngakhale kumunda ankafika mopuma katatu. Tsiku lililonse mawu awo anali amodzi: "Ndipititseni ndikawauze amayi anu kuti ndinabwerako." Koma ulendo wake unali wa tsiku lathunthu kwa munthu wa miyendo yabwino.

Achimwene anali atapeza ntchito yoyendetsa galimoto ku Tete. Ananditumizira uthenga kuti ndipite tikasankhe njinga yamoto, ija kuno timangoti mota, yoti akanyamulire abambo kumanda. Ndinasangalala zedi. Ndinawatama pachitsime mpaka azimayi anzanga anatopa nane.

Nditafika, kwa wogulitsa kunali ziwiri zimene achimwene akanatha kugula. Ina inali yowonda, yaitali miyendo, matayala a mano, yokandikakandika, yonga ija amayendera alangizi m'midzi. Kukongola inalibe, ndisaname. Wogulitsa yemweyo, munthu wofuna malonda, anatiuza mosabisa kuti ngati ulendo ndi wa kutchire titenge imeneyo. Inayo inali yakuda, yaifupi, yonenepa thanki, nyali yozungulira ngati mbale, mpando wachikopa, mapaipi owala. Inali yopangidwa zaka zomwezo, koma anaipanga dala kuti izioneka yachikale. Wogulitsa anati iyi ndi ya mumzinda ndi msewu waukulu wa phula. Achimwene anaizungulira katatu, kenako ndinawaona akuyang'ana mano awo pa chitsulo chowalacho. Pamenepo ndinadziwa kuti zatha.

"Achimwene, kwathu kuli phula?" ndinafunsa.

"Libwera. Mtendere wabwera kale, phula likutsatira."

"Nanga abambo adikira phulalo?"

"Iwe za makina sudziwa," anatero. "Yowondayo amakwera anthu otumidwa. Iyi amakwera eni ake. Sukukumbuka ija inkabwera kuminda ya thonje tili ana? Ndi yomweyi ndendende."

Ine sindinkakumbuka, ndinali kumsana nthawi imeneyo. Iwo ankakumbuka kuwala kwake basi, ndiponso mmene ankaithamangira ndi anzawo kuti anunkhize utsi. Zoti afunse kuti abambo akukumbuka chiyani sizinawabwerere m'mutu, ndipo inenso sizinandibwerere. Ine ndinkangolimbana ndi za mchenga wa m'njira ya kwathu.

Anafika nayo ku Mualadzi Loweruka masana, dzuwa la chilimwe likuwotcha, iwo atavala jekete lachikopa ndi magalasi akuda. Bondo limodzi linali mbuu ndi fumbi. Anati anagwada kuti aone unyolo, koma mayi wina wochokera kumsika anandinong'oneza kuti anawathandiza kuidzutsa kawiri. Atalowa pabwalo sanazimitse msanga. Anailiza katatu kuti ngakhale ogontha abwere, ndipo anabweradi, mudzi wonse.

Abambo anali pakhonde. Munthu amene tinkachita kumugwira m'khwapa kuti aimirire, tsiku limenelo anadzuka yekha. Anavula chipewa, nachigwira ndi manja onse awiri pachifuwa, maso pansi.

"Bondiya, patarau," anatero, moni uja ankapereka kwa Apwitikizi.

Anthu anaseka, achimwene anaseka koposa onse. Anavula chisoti ndi magalasi.

"Ndine, abambo, mwana wanu."

"Iweyo ndakudziwa," abambo anayankha. "Moni ndikupereka kwa iyo."

Kuseka kunazizira. Anthu anayamba kukumbukira ntchito zimene anasiya kunyumba kwawo. Titatsala tokha, abambo anakhala pansi natiuza zimene sanatiuzepo zaka zonse, ngakhale kumsasa wa othawa nkhondo kuja anthu ankakamba chilichonse kuti tsiku lithe. Kapatazi, mzungu woyang'anira thonje, ankabwera pa mota yotero ndi chingwe choyezera munda. Akapeza udzu m'thonje, chingwe chomwecho ankakumanga nacho m'chiuno, mbali ina namanga kumbuyo kwa mota, ndipo unkathamanga mpaka kuboma kukamenyedwa m'manja ndi thabwa lamabowo. Abambo anathamanga kawiri. Anatitambasulira manja, zala zija sizinkapindika bwino, zimene ife tinkati ndi khasu.

"Sabata ziwiri amayi anu ankandidyetsa ngati khanda," anatero. "Ndiye lero ndikafike pamanda awo nditakhala pamwamba pa imeneyi? Adzati ndasanduka yani?"

Ine misozi inali itatsika kale. Achimwene anatsokomola, kenako anayamba kuphunzitsa. Anati zimenezo zinapita, ino ndi nthawi yathu, motayi inapangidwa kudziko lina kumene thonje lathu sakulidziwa, ndipo kubwezera kwabwino n'kukwera. Abambo anamvetsera mwaulemu ngati ali kutchalitchi, koma chipewa sanavale.

M'mawa mwake achimwene anayesa nzeru. Anachotsa magalasi oonera kumbuyo, anabwereka chitenje changa nakuta thanki, ndipo ndi nkhope ya munthu amene akuzula dzino lake, anapaka matope pang'ono pa mapaipi. Mota inaoneka ngati mayi wopita kudimba. Anaitana abambo, nailiza.

"Mawu ake ndi omwewo," abambo anatero, nalowa m'nyumba.

Ndinawakokera achimwene kuseri kwa nkhokwe. Ndinawauza kuti abwerere nayo akasinthe ndi yowonda ija mvula isanagwe, poti mitsinje ikadzaza njira imatsekeka. Anakanda mutu. Anati wogulitsa angavute, komanso anzawo a kuntchito anawaona kale ali pa iyi, akawaona pa yokandika ija adzati zinthu zawavuta.

"Ndiye abambo adikire mpaka anzanu atope kukuyang'anani?"

"Mwezi wamawa ndikonza. Usandipanikize."

Anapukuta matope aja ndi chitenje changa chomwecho, nabwerera ku Tete. Kumeneko ndimamva kuti motayo inkayenda bwino kwabasi. Pamlatho wa mumzindamo anthu ankatembenuka, ndipo Lamlungu ankapita nayo kutali pa msewu waukulu kukangoona mmene ikuthamangira. Mwezi wamawa uja unafika, unapita, unabweranso wina. Mitambo inayamba kusonkhana.

Mvula yoyamba itagwa ndinapsa mtima. Ndinabwereka njinga yakapalasa kwa aneba, ndinamanga pilo pakaliyala, ndinawakweza abambo, ine n'kumakankha. Tinanyamuka tambala atangolira kachiwiri, kunja kukuyera. Iwo anagwira mpando, miyendo ikulendewera, osadandaula ngakhale pomwe tinagwera m'matope tonse awiri. Dzuwa lili pamutu tinafika pamtsinje woyamba. Madzi anali ofiira, akukokolola mitengo, ndipo patsogolo panali mitsinje ina iwiri. Ndinakhala pansi n'kuyamba kutukwana phula, chikopa, anzawo a kuntchito, ndi wogulitsa yemwe, amene analibe mlandu.

Abambo anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anandifunsa kuti kwathu ndi chakuti. Ndinawalozera kuphiri la tsidya. Anandipempha ndiwaimike, ndinawagwira m'khwapa, iwo anakonza malaya, nayamba kulankhula mokweza kuti apose mkokomo wa madzi.

"Mayi a ana, ndine. Ndinabwerako, koma ndathera pano. Ana ali bwino. Wamkazi uja ndi amene wandikankha mpaka kuno, pakamwa pake sipanasinthe. Wamwamuna uja anakula, ali pantchito, wagula mota." Anapuma pang'ono. "Musafunse kuti yotani."

Tinabwerera chamadzulo. Madzi anadzaphwa nthawi yokolola, abambo titawaika kale ku Mualadzi, ulendo wa tsiku lathunthu kuchoka pamene pali amayi. Pamaliro achimwene anabwera pa mota yawo, yopukutidwa bwino, ndipo asanalowe m'nyumba ya siwa anayamba ayang'ana kaye mthunzi woti aiimikepo.