Kampasi ya Asiyatu

Mpaka lero zimandipsetsa mtima. Chikondwerero cha Idi chitayandikira, ndinapalasa njinga kupita ku Ntaja, khadi la chipani lili m'thumba, kukagulira mwana wanga Asiyatu kabokosi ka masamu kokhala ndi kampasi ndi rula. Anali atakapempha chaka chonse.

Nditafunsa za kabokosiko, wasitolo anaseka mokweza. "Che Saidi, kampasi mwana wamkazi? Aziyezera mphika?"

Anthu pakhonde anafa nacho chiseko. Ine, ndi ndevu zangazi, ndinaseka nawo n'kugula chitenje. Uchitsiru!

Kunyumba ndinanama kuti timabokosi tatha.

Asiyatu sanalire. Anayala chitenjecho pamphasa n'kuchiyeza ndi zikhatho, kawiri konse.

"Zikomo ababa," anatero. "Koma wasitoloyo wakuberani. Chaperewera zikhatho ziwiri."

Ndiye kuti munthu amene ndinkamuchitira manyaziyo anali mbava.