Buledi pa Njinga ya a Hutala

Inu amene mukuona ngati zanu zada, khalani pansi ndikuuzeni za a Hutala, dalaivala wa galimoto yogawa buledi. Dzinali analipata chifukwa chokonda kuliza hutala. Ngakhale nkhuku ikamawoloka msewu, iwo ankaiimbira.

Tsiku lawo loipa linawapeza m'mawa, ali pa benchi ya kupolisi, lamba ndi nsapato atawavula. Panja galimoto ya bekale inali itaimikidwa, buledi akuzizira m'makireti. Dzulo lake anali atapapira mowa osati masewera, koma ankakhulupirira zimene madalaivala ankauzana: ukagona pang'ono, n'kusamba madzi ozizira, n'kumwa tiyi wowawa, mowa watha m'thupi. Kachipangizo ka apolisi apamsewu, kouziramo mpweya kaja, sikankadziwa nzeru imeneyo. Atangouzira, kanawaulula.

Atatuluka pa belo, alangizi anachuluka. Patsogolo panali alamu awo, munthu amene chibadwire sanapondepo m'khoti.

"Alamu, inu mukangonena kuti munamwa mankhwala a chifuwa. Mukatsokomoleko pang'ono, nkhani yatha."

A Hutala anayamba kuyeserera chifuwacho kunyumba, mpaka akazi awo anatopa nacho n'kuwakokera kwa loya. Loyayo anali mayi wosazungulira polankhula. Anawamvetsera akutsokomola, kenako anawapatsa madzi akumwa.

"Bambo, chifuwa chanuchi sichingapusitse ngakhale mwana, ndiye oweruza amva zifuwa zambiri. Aka n'koyamba, simunagunde munthu, ndipo apolisi simunalimbane nawo. Tikavomere mlandu, ine ndikapemphe kuti chilango chichepe."

Anavomeradi. Ndende anaipewa, koma analipira chindapusa chowawa, ndipo anawaletsa kuyendetsa galimoto kwa chaka chathunthu. Apa mantha anawagwira zenizeni. Dalaivala wopanda laisensi ndi munthu wopanda ntchito, ndipo ana kunyumba sadya chigamulo cha khoti.

Anapita kwa mayi mwini bekale, chipewa chili m'manja, kukapempha kuti asawachotse.

"Galimoto ndapatsa wina, ndipo mashopu a m'misewu ikuluikulu ndi ake," anatero mayiwo. "Kuseri kuli njinga yakale. Mudzifunire kogulitsa. Makireti akamabwera opanda kanthu, ntchito ilipo. Buledi akamabwerera, tisiyana."

Munthu wa mimba yake, amene miyendo inazolowera buleki ndi giya, anayamba kupalasa. Masiku oyamba buledi ankabwerera pafupifupi yense, wina ataphwanyika chifukwa njinga inkagwa nawo m'ngalande. Madalaivala anzawo akawapitirira ankatulutsa mutu pawindo.

"A Hutala, tatiimbireni belu timve!"

Zinkawawa, tisanamizane. Amati manyazi anapha lambe, koma a Hutala manyazi anawatsegulira njira. Pothawa kusekedwa, anasiya misewu ikuluikulu n'kuyamba kulowa m'tinjira ta kuseri kwa nyumba, momwe galimoto singakwane. Kumeneko anapeza timagolosale ta pawindo, amayi ophika tiyi pafupi ndi malo omanga nyumba, ndi osoka zovala amene sankafuna kusiya makina awo kuti akagule chakudya. Anthu onsewa buledi ankamupeza atagona kale. Tsopano ankawafikira pakhomo akadali wofunda.

Mowa sanausiye tsiku limodzi ayi. Anayesa kamodzi kumwako, m'mawa mwake anakumana ndi chitunda ali ndi matsire komanso makireti odzadza kumbuyo. Anafika pamwamba akuona nyenyezi masana, ndipo kuyambira pamenepo njira ya kubala anayamba kuilambalala. Anzawo akumowa anawaitana, anawanyoza, mapeto ake anawaiwala. Mimba inaphwa, mpaka akazi awo anapita ndi mathalauza onse kwa telala kuti akawachepetse.

Makireti anayamba kubwera opanda kanthu dzuwa lisanafike pamutu. Kenako ulendo umodzi sunkakwana, ankabwerera kukatenganso ena. Ophika ku bekale anayamba kudandaula kuti bambowa awapha ndi ntchito.

Chaka chitatha, laisensi inabwerera. A Hutala anavala malaya ositidwa bwino n'kupita kwa mayi mwini bekale, mtima uli m'mwamba.

"Makiyi sindikupatsani," anatero mayiwo.

A Hutala anaganiza kuti thukuta lonse lija lapita pachabe.

"Ndikakubwezerani pa galimoto, anthu anu a m'tinjira awapatsa buledi ndani? Ndagula njinga zina. Mupeze anthu, muwaphunzitse njira zanuzo. Kuyambira mawa, onse ogawa buledi, a njinga ndi a galimoto omwe, ali m'manja mwanu."

Bambo wamkulu, wa ndevu zake, analira ngati mwana, uku akuseka. Anali atabwera kudzapempha mpando wa dalaivala, koma anatuluka ali bwana wa madalaivala, kuphatikizapo aja ankawaseka pawindo.

Inu amene mwalakwitsa, kaya ndi pamsewu kaya ndi kwina, bodza musalipatse malo. Vomerani, landirani chilango, ndipo kantchito kamene mwapatsidwa musakanyoze. Mukamwa, makiyi apatseni ena, ngakhale kutacha. Ndipo ngati lero anthu akukusekani, pitirizani kupalasa. Osataya mtima.