Satifiketi ya Adzukulu

Ndikukumbukira bwino tsiku limene ndinalandira satifiketi yokhayo imene ndili nayo mpaka lero. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ku koleji ndinapitako ndithu, ndinafika chaka chachiwiri, kenako ine ndi koleji tinagwirizana zosiyana mwamtendere, ngakhale kunena zoona koleji ndi imene inayambitsa nkhaniyo. Choncho pakhoma la chipinda changa pali pepala limodzi lokha la m'felemu, ndipo limanena kuti ine, Yona Mpoya, ndine mdzukulu wodzipereka. Alendo akaliwerenga amaseka. Ine ndikaliyang'ana, mtima umawira ngati zachitika dzulo.

Tinkakhala ku Matawale. Bambo anga, a Layisoni Mpoya, ankakhoma zidebe ndi mbaula pafupi ndi msika, koma analinso mkulu wa adzukulu, amuna okumba manda m'dera lathu. Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, pomwenso matenda aja osatchulidwa dzina ankalowa khomo ndi khomo osaodira. Nthaka ya m'munsi mwa phiri la Zomba ndi yachinyengo: pamwamba ndi yofewa, koma ukafika m'chiuno wakumana ndi mwala. Bambo ankabwera madzulo zikhatho zili matuza okhaokha, zidebe za eni zikudikira pakhonde zosakhoma, ndipo palibe amene ankawalipira. Kumanda, woyendetsa mwambo akathokoza abusa, amfumu, a chipani, a kwaya ndi amene abwereketsa lole, ankamaliza mothamanga ngati akuthawa mvula: "Tithokozenso adzukulu." Basi. Mwini lole ankatchulidwa dzina lake ndi la bambo ake lomwe. Okumba dzenje analibe maina.

Tsiku lina kunabwera a Kachala, tcheyamani wa komiti ya chitukuko, munthu woyenda ndi zolembera zodzaza thumba la malaya koma amene sindinamuonepo akulemba. Anati bungwe lina lochokera ku Lilongwe likufuna kuthokoza magulu ogwira ntchito modzipereka, mwambo ukachitikira pahotela ina pamwamba pa phiri, ndipo kwathu kuno asankha adzukulu.

Sindinawaonepo bambo ali choncho. Anabwereka jekete lonunkha mankhwala a njenjete, amayi n'kulisita ndi simbi ya makala mpaka kolala inawala.

"Mphatso alandire ena," bambo anawauza amayi. "Akangondipatsa chimkuzamawu, ine nditchula maina basi. Langa ndi a anzanga. Anthu amveko kamodzi kuti tili nawo."

Madzulo aliwonse ankaima kuseri kwa nyumba, manja kumbuyo, n'kumayeserera pamaso pa mtengo wa mango. "Sitolo Makawa. Binali Jafu. Edisoni Nthala." Mtengowo unawamvetsera mwaulemu kuposa mmene anthu anadzachitira.

M'mawa wa tsikulo adzukulu onse anaima pamsewu atatchena. A Sitolo, mnzawo wapamtima wa bambo, munthu wanthabwala amene ankatha kuseketsa namfedwa misozi isanaume, anamanga tayi wofika pamchombo. Minibasi inafika, a Kachala n'kutsika. M'katimo munali kale ana, zidzukulu za a Kachala omwewo.

"Achimwene, pulogalamu yasintha pang'ono," anatero, maso ali ku matayala. "Mlendo wolemekezeka ndi mayi wachizungu, ndipo a bungwe akuti amakonda ana. Nanga munthu achoke kutali kudzagwira dzanja logwira mitembo, kenako akadye? Tisamuopseze mlendo."

"Koma munati asankha adzukulu, a Tcheya," anatero a Sitolo.

"Nanga awa ndi ndani?" A Kachala analoza m'minibasi. "Si adzukulu? Aliyense ali ndi agogo ake. Bodza lili pati?"

Kenako anandigwira phewa, akuti kuti banja la a Mpoya liimiridwe. Ndinayang'ana bambo, ndikuyembekeza kuti akalipa. Anangomanga batani la jekete limene linali lomanga kale.

"Kwera, Yona," anatero. "Ukaone phiri."

Phirilo ndinali kuliona tsiku ndi tsiku chibadwire, koma ndinali ndisanalikwerepo. Msewu unkapota ngati ukufuna kubwerera, m'makutu mukutsekeka, fungo la mitengo ya paini likulowa pawindo limodzi ndi chisanu. Pahotelapo panali kapinga wometedwa bwino kuposa mutu wanga, tenti yoyera, ndipo tauni yonse ya Zomba inali pansi ngati mabokosi a machesi. Kuseri kwa tenti a Kachala anatiimitsa, n'kutiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Vulani nsapato nonse. Muzisiye m'galimoto."

Tinavula. Kapinga anali wonyowa, wozizira mpaka m'mano.

Magulu ena analipo: amayi osamalira odwala m'makomo, anyamata ozimitsa moto m'phiri. Amenewa anawakhazika pamabenchi kunja, nkhungu ikuwanyowetsa mapewa. M'tenti munakhala anthu odzawathokoza. Analankhula woyamba, analankhula wachiwiri, aliyense akuthokoza amene walankhula iye asanaimirire. Mkati mwa zolankhulazo ndinatembenukira ku mpanda wa waya, ndipo ndinawaona. Bambo, a Sitolo ndi a Binali. Majekete ali pamkono, mathalauzi atanyowa ndi mame mpaka m'mawondo. Anali atakwera phiri lonselo wapansi, njira ya amayi osenza nkhuni. Mlonda wa pageti anawakaniza kulowa chifukwa analibe khadi loitanira.

Itafika nthawi yathu, woyendetsa mwambo anatsitsa mawu ngati ali pamaliro. Anati awa ndi adzukulu a ku Matawale, ana amene makolo awo anamwalira, ndipo amatunga madzi ndi kutola nkhuni kuthandiza agogo awo. Umu ndi mmene ndinakhalira wamasiye bambo anga akuonerera. Sindikudziwa ngati m'Zomba muno alipo wina amene zinamuchitikirapo, koma ngati alipo tionane, tiyambitse gulu, mwina adzatithokoza.

Mayi wachizungu uja anatipatsa makope, mpira ndi satifiketi. Popeza ndinali wamkulu pa anawo, anandiika chimkuzamawu pakamwa kuti ndinene zikomo. Mawu anga anamveka bwalo lonse, mpaka ine ndemwe ndinadzidzimuka.

"Ine si wamasiye. Bambo anga ndi awo ali pampanda. Adzukulu ake ndi amenewo."

Zala za a Kachala zinafika pakhosi panga mwachikondi cha nkhanu. Mayi uja anatembenukira kwa womasulira, mnyamata wa suti yokwana bwino. Iye anatsokomola, n'kumasulira. Chizungu changa cha sitandade faifi chinali chokwanira kumva zimene ananena: akuti mwanayu akuti kuyambira lero inu ndinu mayi ake ndi bambo ake. Mayiyo analira. Anandikumbatira, mafuta ake onunkhira n'kunditsamwitsa, wojambula n'kujambula.

Mayi uja sindimuimba mlandu waukulu. Anamva zimene anamuuza. Amene ndimawakwiyira mpaka lero ndi anthu a m'tenti muja. Onse ankamva Chichewa. Onse anamva zimene ndinanena, ena anatembenuka n'kuona amuna atatu ataima pampanda. Ndipo anaomba m'manja. Anaomba kwambiri, chifukwa chakudya chinali chitayamba kununkhira.

Pobwerera ndinakana kukwera minibasi. Ndinathamangira kugeti wopanda nsapato, satifiketi ili m'manja. A Sitolo atandiona anavula chipewa, n'kutembenukira kwa bambo nkhope ili yachisoni.

"A Mpoya, pepani kwambiri, uthenga wa maliro anu sunatipeze. Nanga anakukumbirani ndani? Dzenje lake linali lokwana?"

Bambo anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. Anatenga pepala lija, n'kuliwerenga milomo ikugwedera, n'kundibwezera.

"Sunga. Dzina lathu lilipo, angolakwitsa munthu."

Tinatsika phiri wapansi. Pamalo a miyala yakuthwa ankandibereka, ndipo jekete la eni lija linafika kunyumba lili ndi zidindo za mapazi anga.

Mvula itayamba, mayi awo a a Kachala anamwalira. Uthenga unafika m'mawa. Bambo anaitana anzawo, koma anawauza kuti asatenge khasu kapena fosholo. Kenako anandiitana ine.

"Tenga pepala lako lija. Tenganso piki."

"Bambo a Yona, mwana pamaliro?" anatero amayi.

"Si mwana ameneyu. Ndi mdzukulu wa satifiketi."

Pikiyo ndinkachita kuikoka, ikulemba mzere m'matope kuchokera kwathu mpaka pasiwa. Amuna anali atakhala pansi pa lona, amayi akuimba m'nyumba. Bambo anakhala pansi, anapepesa monga mwa mwambo, osadumpha kanthu. Patapita nthawi a Kachala anawayandikira, maso ali ofiira.

"Achimwene, dzuwa likukwera. Anyamata ayambe."

"Ayambe ndithu, a Tcheya. Mdzukulu mmodzi ndabwera naye, pepala lake ndi ili. Enawo ali m'nyumba mwanu momwemo. Muwavule nsapato, kumanda n'koterera."

Pansi pa lona onse anatembenukira kwa a Kachala. Ngakhale nyimbo ya m'nyumba inaduka pakati, chifukwa nkhani ya kuphiri inali itafika khomo lililonse la Matawale. A Kachala anatsitsa mawu.

"Tisachititsane manyazi pamaliro, a Mpoya. Nkhuku zilipo, tiwonjezera."

"Nkhuku tinadyapo. Ife tikupempha chimodzi. Mutitume potitchula maina. Nanga munthu ungamutume bwanji usakumudziwa?"

A Kachala anaimirira. "A Mpoya," anayamba bwino. Kenako anayang'ana a Sitolo, amene chaka chathacho anakumba manda a mng'ono wa a Kachala omwewo. "Awa... achimwene awa..."

"Pitirizani, a Tcheya, mwatsala pang'ono," anatero a Sitolo. "Ndi lomwe lija ndinabadwa nalo, sindinasinthe."

Palibe amene anaseka. Munthu wa zolembera zodzaza thumba anaima pamaso pa anthu, mayi ake atagona m'nyumba, osadziwa dzina la aliyense mwa amuna amene akhala akuika anansi ake. Potsiriza mlongo wawo wamkulu anatuluka pakhomo, mawu atasasa ndi kulira, n'kuyamba kuwauza. Iye atchule, a Kachala abwereze. "Sitolo Makawa." A Sitolo anaimirira. "Binali Jafu." A Binali anaimirira. Anapita choncho mpaka onse anaima. Bambo anandilanda piki, n'kundiuza kuti ndizipita kunyumba. Tsiku limenelo anakumana ndi mwala, ndipo anakumba mvula ikuwagwera mpaka dzuwa linapendeka.

Ine ndinakwiya. Ndinkafuna a Kachala akumbe okha ndi zolembera zawo. Madzulo, amayi akuthira madzi amchere pamatuza a bambo, ndinafunsa.

"Ababa, nanga bwanji mwawakumbira?"

"Malemu aja sanakwere nawo phiri," anatero, osadzutsa mutu.

Ndikanakonda kunena kuti zinthu zinasintha. Sizinasinthe. Pamaliro otsatira woyendetsa mwambo anati "tithokozenso adzukulu" ndi liwiro lomwe lija. A Kachala anakhalabe tcheyamani, anakwera phiri kangapo kukathokoza anthu ena, ndipo atamwalira sindikuuzani amene anakumba. Mkwiyo wanga sunazirale. Unangokula nane limodzi. Chimene ndamvetsa tsopano n'chakuti kuthokoza gulu n'kotchipa, ungathe kulithokoza utalifulatira, ungathenso kulisinthanitsa ndi lina looneka bwino pachithunzi. Dzina ndi lovuta. Kuti ulitchule uyenera kumudziwa mwini wake, kumuyang'ana kumaso, ndi kuvomera kuti dzenje silidzikumba lokha. N'chifukwa chake akuluakulu amakonda matenti ndi masatifiketi: pamenepo wothokozedwa kwenikweni ndi wothokozayo.

Nditabwerako ku koleji ndinatenga piki ya bambo, moti pepala la pakhoma lija tsopano likunena zoona, linangofulumira. Bambo atamwalira, adzukulu anzanga sanandilole kukumba, paja mwana sakumbira kholo lake. Ndinakhala pansi ndi anamfedwa, n'kumva woyendetsa mwambo akuthokoza abusa, amfumu, a chipani, a kwaya ndi mwini lole. "Tithokozenso adzukulu," anatero, akupinda kale pulogalamu.

Ndinaimirira. Malume anga anandikoka malaya, akuti namfedwa salankhula kumanda, koma ndinalankhula. Ndinayamba ndi achikulire, Sitolo Makawa, Binali Jafu, Edisoni Nthala, kenako anyamata amene anali ndi matope m'tsitsi tsiku limenelo, mmodzimmodzi. Ndinamaliza ndi Layisoni Mpoya, amene dzina lake linali lisanamvekepo pamanda amenewo pazaka zonse zimene anawakumba.

A Sitolo, atakalamba, atatsamira fosholo pambali pa mtumbira, anavula chipewa.

"Wamasiye walankhula," anatero. "Ulendo uno womasulira palibe."