Vasiti ndi Shaki Yotsitsa Zipsepse

Vasiti anachenjeza mwamuna wake katatu konse: "A Waisake, kumatanthwe kuja mudzi unaletsa kuwedza. Shaki zija zisiyeni." Waisake anangoseka, anzake n'kumati mkazi ameneyu amaopa ndi nkhanu yakufa yomwe. Sabata isanathe, anagwidwa ndi thumba la zipsepse za shaki m'boti. Mudzi unalanda botilo, iye n'kuthawira kumzinda wa Suva ndi manyazi, ziii osamvekanso.

Vasiti anatsala ndi khanda. Apongozi ake aakazi sanazungulire: "Mwanayu ndi wa kwathu. Chaka chikatha ulibe chomudyetsa, tidzamutenga."

Anapeza ganyu yochapa zovala za alendo obwera kudzaona shaki pansi pa nyanja. Akamaliza ankapenyetsetsa mavidiyo amene ankajambulidwa pansipo, diso lina lili pa mwana. Mantha omwewo ndiwo anamuphunzitsa. Anadziwa shaki iliyonse ndi chipsera chake. Anadziwanso kuti ikatsitsa zipsepse za m'mbali n'kupinda msana, ndiye kuti anthu aikwana.

Kenaka anafuna ntchito yoperekeza alendowo, koma mayeso olowa pansi pa madzi analephera kawiri, chifukwa ankapuma mwaphuma, mpweya wa m'botolo n'kutha msanga.

"Achemwali, mpweyawo si chakumwa cha kava choti mugugudize kamodzi!" ankamuseka Semesa, mkulu wa paboti la alendo.

Kachitatu anakhoza, ndipo anayamba kuperekeza alendo.

Tsiku lina alendo atagwada pansi pa nyanja kuseri kwa miyala n'kumaonerera, shaki yaikazi yaikulu inatsitsa zipsepse. Mlendo wina anali atatambasula dzanja, wotchi ikunyezimira, kuti aisisite. Vasiti anakokera dzanjalo pansi, n'kugogoda botolo lake ndi kachitsulo, chizindikiro choti onse akwere.

M'boti alendo anang'ung'udza kuti aonerera mphindi khumi zokha. Semesa anapsa mtima.

"Mantha anuwa atichotsetsa ntchito, mwamva?"

"Taonani kaye vidiyo, achimwene," anatero Vasiti.

Anaionera onse. Shaki ija inadutsa kukamwa kuli yasa, pamalo enieni pomwe panali dzanja. Mlendo uja anakhala pansi, kuyang'ana zala zake. Semesa anapumira m'mwamba.

"Kuyambira lero mukati tikwere, tikukwera. Ngakhale ndili pakati pa nthabwala."

Mwini kampani yawo atamva, anapatsa Vasiti ntchito yophunzitsa operekeza alendo pachilumba cha Kadavu, ndi nyumba yomwe. Apa n'kuti chaka chija chitatsala masiku anayi kuti chithe.

Vasiti sanathawe ndi mwana. Anagula mizu ya kava yoti ikhale mphatso, napempha mlongo wake kuti akamutsanzikire kwa apongozi monga mwa mwambo. Atafika, Vasiti anakhala kumbuyo, maso ali pa manja a apongozi aamuna. Mizuyo inakhalitsa pamphasa. Kenaka apongoziwo anaigwira, n'kuomba m'manja kusonyeza kuti avomera.

"Pita naye," anatero apongozi aakazi. "Koma pa Khirisimasi tizimuona, asamakule ngati nsomba."

Vasiti anaseka misozi ikutsika.

Inu amene amakutchani amantha, musadzitaye. Mwina maso anuwo akuona zimene olimba mtima akuphonya. Mukalephera kawiri, kachitatu kalipo.

Boti la ku Kadavu linali loti linyamuke mawa lake m'bandakucha, lina sabata yotsatira. Mlongo wake anati adikire lachiwirilo, apume kaye.

"Ayi," anatero Vasiti, akupinda matewera. "Anthu amasintha maganizo akagona kawiri. Kusanache tikhala tili pamadzi."